Momwe mungapezere malo a PhD kapena postdoc pa sayansi ya zamoyo ndi ya makompyuta

Yambani ndi labu, dzina la yunivesite libwere pambuyo. PhD imatenga zaka 3 kapena 4 ku Ulaya, 5 kapena 6 ku America, muli pansi pa munthu mmodzi, mkulu wa labu. Iyeyo akakhala wopanda ndalama za kafukufuku, kutchuka kwa sukulu sikungakudyetseni.

Choyamba, sakani malo omwe ndalama zake zilipo kale. Amalengezedwa pa mawebusayiti a FindAPhD, EURAXESS ndi Nature Careers. Palinso mabungwe olemba ophunzira angapo nthawi imodzi, monga EMBL ku Heidelberg ndi Wellcome Sanger Institute ku Hinxton. Mayunivesite ambiri a ku America amasiya kulandira mafomu mu Disembala. Musanadzivute ndi fomu, werengani za oyenera kufunsira: malo ena ku UK amangolipira fizi ya nzika, yotsalayo wakunja aone yekha.

Mukapeza labu, werengani mapepala awo a kafukufuku awiri kapena atatu aposachedwa, kenako lemberani mkulu wake imelo yaifupi. Tchulani chomwe anapeza, funso lomwe chasiya, ndi luso lomwe mungabwere nalo. Kalata imodzi yomwazidwa kwa mapulofesa 50 imadziwika pa chiganizo choyamba pomwe, ndipo siyankhidwa.

Apa ndiye pagona nkhani: umboni. Kulemba pa CV kuti mumadziwa Python kapena R (zinenero zolembera mapulogalamu a kompyuta) aliyense amatha. Tengani deta ya RNA-seq (yosonyeza momwe majini akugwirira ntchito) yaulere ku GEO, nkhokwe ya deta ya pa intaneti, muisanthule mpaka pa chithunzi chomaliza, muike zonse pa GitHub, webusayiti yosungirapo khodi. Ambiri amagwa apa chifukwa khodi yawo imayenda pa laputopu yawo yokha: mafayilo amaloza ku foda yomwe wina alibe, ndipo sanalembe mtundu wa pulogalamu womwe anagwiritsa ntchito. Patsani mnzanu aiyese pa kompyuta yake musanatumize.

Okuchitirani umboni amafunika awiri kapena atatu. Auzeni kutatsala mwezi kuti tsiku lotsekera lifike, chifukwa kalata amatumiza okha, ndipo mmodzi akachedwa fomu yonse imakhala yosakwanira. Zotsatira za IELTS, mayeso a Chingerezi, zimatha ntchito pakapita zaka 2.

Ofuna postdoc (ntchito ya kafukufuku mukamaliza PhD) yambani kutatsala chaka kuti mumalize PhD, chifukwa thandizo lalikulu limafuna kuti labu yokulandirani ivomere kaye. Thandizo la Marie Skłodowska-Curie, la European Union, limasiya kulandira mafomu mu Seputembala, ndipo simuloledwa kusankha dziko lomwe mwakhalamo miyezi yopitirira 12 pa miyezi 36 yapitayi. EMBO, bungwe la ku Ulaya la sayansi ya zamoyo, imafuna pepala lomwe dzina lanu lili loyamba. HFSP, pulogalamu ya mayiko angapo yothandiza kafukufuku wa zamoyo, imapereka thandizo la zaka 3, koma imafuna musinthe dziko komanso nkhani ya kafukufuku.

Akakuitanani kuintavyu, pemphani kulankhula ndi ophunzira a m'labumo bwana palibe. Afunseni kuti amakumana naye kangati, ndalama za pulojekiti zikutha liti, ndiponso omwe anachoka asanamalize anachokeranji.