Kagwiritsidwe ntchito ka buku loyambira la zachuma zamakampani

Ngati mukuphunzira pa University of Zambia kapena mukukonzekera mayeso a ZICA (bungwe la akatswiri owerengera ndalama ku Zambia), buku loyambira la zachuma zamakampani musaliwerenge ngati nthano, chifukwa phindu lake lagona m'masamu ake. Yambani ndi zolinga zimene zimalembedwa kumayambiriro kwa mutu uliwonse, kenako mupite pa zitsanzo zowerengetseredwa kale, ndipo yankho mulivundikire ndi pepala mpaka mutayesa nokha.

Mutu umene ndikuona kuti muyenera kukhalitsapo ndi wofotokoza mmene nthawi imasinthira mphamvu ya ndalama. K1,000 yosungidwa pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka imakhala K1,100 chaka choyamba chikatha, ndipo imafika K1,210 chachiwiri, popeza chiwongoladzanja nachonso chimabala china. Mukadziwa kuwerengetsa mobwerera m'mbuyo, kuchoka pa K1,210 kufika pa K1,000, mitu ya mabondi (zikalata za ngongole zimene boma kapena kampani imagulitsa), ya mtengo wa masheya ndi ya kasankhidwe ka ntchito yoikamo ndalama idzakupepukirani, pakuti yonseyo yatsamira pa mfundo imeneyi.

Mabuku ambiri otere analembedwa ku America, choncho zitsanzo zake ndi za madola ndi misonkho ya kumeneko. Pezani lipoti la pachaka la kampani yogulitsa masheya pa Lusaka Securities Exchange, monga Zambeef kapena Zambia Sugar, ndipo njira za m'bukumo muziyese pa makwacha enieni mothandizidwa ndi pulogalamu ya pakompyuta ya Excel. Mafunso a kumapeto kwa mutu muwayankhe polemba m'kope, ndipo amene akuvutani mukakambirane ndi mphunzitsi musanayambe mutu wina.