Kupima maganizo a wozengedwa mlandu popanda kukondera

Kukondera kwa katswiri wa zamaganizo sikutha ndi mtima wabwino wokha, kumachepa ndi dongosolo la ntchito. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, katswiri wa zamaganizo Daniel Murrie ndi anzake ku America anapatsa akatswiri 108 mafayilo ofanana a anthu opalamula milandu yokhudza kugonana. Ena anauzidwa kuti akugwirira ntchito boma, ena mbali ya wozengedwa. A mbali ya boma anapereka malikisi okwera, osonyeza kuti munthuyo ndi woopsa. Kusiyanaku kunakula pa PCL-R, chipimo cha khalidwe losaganizira ena, cha mfundo 20, chimene mfundo iliyonse imapatsidwa 0, 1 kapena 2, chifukwa chimafuna kuti wopima aweruze yekha zinthu monga kusowa chisoni. Pa Static-99R, chipimo choonera ngati munthu angapalamulenso mlandu wokhudza kugonana, chimene chimawerenga zaka zake ndi milandu yakale, kunali kochepa.

Mukaitanidwa kukapima wozengedwa mlandu, yambani ndi kulemba funso la khoti papepala. Kodi akufunsa ngati munthuyo angatsatire mlandu wake lero, kapena mmene mutu wake unalili tsiku lopalamula? Awa ndi mafunso awiri, ndipo lipoti lowasakaniza limasokeretsa woweruza.

Kenako samalani zimene mukuyamba kuwerenga. Zikalata zakuchipatala, zakusukulu ndi zakundende zibwere patsogolo, maganizo a loya amene wakuitanani abwere pomaliza. Chimene chalowa m'mutu poyamba chimakoka zonse zotsatira. Musanakumane ndi munthuyo, lembani zifukwa zosachepera ziwiri zotsutsana, monga matenda enieni ndi kunamizira, ndipo pa chilichonse fufuzani umboni wochigwetsa.

Zonena zake zokha sizikwanira. Funsani achibale, oyang'anira ndende ndi anamwino amene amamuona usiku. Wonamizira misala amatopa, ndipo akaganiza kuti palibe akumuona amacheza bwinobwino.

Pa anthu amene makhoti a ku Malawi amatumiza ku chipatala cha amisala ku Zomba pali vuto lina lalikulu. Zipimo zambiri zinakonzedwa m'Chingerezi ndi kuyesedwa pa akaidi a ku America ndi ku Canada. Mukazigwiritsa ntchito, nenani zimenezi m'lipoti. Womasulira auzidwe kuti asakonze mawu, chifukwa kusokonekera kwa kalankhulidwe ndi chizindikiro chimene mukufuna kumva. Ndipo munthu akati analodzedwa, musathamangire kulemba kuti ndi misala. Funsani a kwawo ngati nawonso akuona kuti zonena zakezo ndi zachilendo.

Katswiri wachiwiri, wosadziwa mbali imene yakulipirani, apereke malikisi ake payekha, ndipo pamene mwasiyana mulembe chifukwa chake. Malipiro anu agwirizanidwe ntchito isanayambe, asadalire chigamulo.