Mwayamba Chihindi? Umu ndi momwe mungagwirire alowam'malo ndi aneni

Sabata yoyamba ya Chihindi imakoma. Munthu waphunzira namaste, wadziwa kuti paani ndi madzi, chai ndi tiyi, ndipo akuona ngati chilankhulochi n'chamasewera. Mutu umayamba kuwawa akazindikira kuti mawu oti "ine" ali ndi nkhope zinayi: main, mujhe, mera ndi maine. Ambiri amathawira pomwepa. Chimene ndaona n'chakuti mabuku ophunzitsa Chihindi amafotokozera anthu oganiza m'Chingerezi, chikhalirecho zambiri zimene zimazunguza Mngerezi ife timazichita kale m'Chichewa.

Musanayambe, onetsetsani kuti kumene mukupitako Chihindi chikakuthandizani. Ku India, m'mizinda ya Delhi, Agra, Lucknow ndi Jaipur n'chabwino. Ku Chennai amalankhula Chitamil.

Choyamba: gwirani aap, enawo adikire

Ife tili ndi iwe ndi inu. Chihindi chili ndi makwerero atatu: tu, tum ndi aap. Tu ndi wa mwana wamng'ono, mnzako wapamtima, komanso Mulungu popemphera. Ukamunena kwa mlendo ndi chipongwe. Tum ndi wa anzanu amsinkhu wanu. Aap ndiye "inu" waulemu. Pouza munthu kuti akhale pansi pali baith, baitho ndi baithiye. Inu monga mlendo lowezani baithiye yekha. Palibe amene adzakukwiyireni chifukwa chomulemekeza mopitiriza.

"Ife" ndi ham. "Iye" ndi yah akakhala pafupi, vah akakhala patali, koma pakamwa anthu amati ye ndi vo. Mawuwa sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ngati "iye" wathu. Ulemu nawonso umayenda ngati kwathu: munthu wamkulu amanenedwa ngati ambiri. Pitaji aaye hain ndi "bambo abwera", osati "wabwera".

Chachiwiri: lowezani hona

Mneni hona ndi "kukhala", ndipo amatseka ziganizo zambiri. Main hoon, tu hai, tum ho, vah hai, kenako ham hain, aap hain, ve hain (ve ndi "iwo"). Hain amatulukira m'mphuno, hai ayi. Izi n'zoloweza basi, tsiku limodzi lakwana.

Chachitatu: sankhani kuti ndinu -ta kapena -ti

Apa ndiye pachilendo. Mneni wa Chihindi amaonetsa ngati wolankhula ndi mwamuna kapena mkazi. Tengani jaana, "kupita", chotsani -na, mwatsala ndi tsinde jaa. Mwamuna amati main jaata hoon, "ndimapita", mkazi amati main jaati hoon. "Ndikupita" ndi main jaa raha hoon kwa mwamuna, main jaa rahi hoon kwa mkazi. "Ndidzapita" ndi jaaunga kapena jaaungi. Mneni amakhala kumapeto: main bazaar jaati hoon, "ndimapita kumsika".

Musavutike kuloweza zonse nthawi imodzi. Yambani ndi mbali yanu yokha mpaka izolowereke pakamwa. Mayi amene akuphunzira potengera mphunzitsi wamwamuna asamale, chifukwa akhoza kutha mwezi akudzitchula ngati bambo, anthu akungomwetulira osamuuza.

Chachinayi: mperekezi amabwera pambuyo, ndipo amasintha mlowam'malo

Ife timati "m'nyumba", "patebulo". Iwo amati ghar mein, mez par: mperekezi ali kumbuyo kwa dzina. Ofunika poyamba ndi ko, "kwa", se, "kuchokera", mein, "mu", ndi par, "pa". Mlowam'malo akakumana ndi mperekezi amasintha thupi. Main amakhala mujh, tu amakhala tujh, yah amakhala is, vah amakhala us, ndipo ochuluka ye ndi ve amakhala in ndi un. Ham, tum ndi aap sasintha. Motero "kuchokera kwa ine" ndi mujhse, "mwa icho" ndi usmein.

Pa ko pali mawu afupiafupi amene mudzamva kwambiri: mujhko ndi mujhe n'chimodzi, usko ndi use, hamko ndi hamein, unko ndi unhein.

Mujhe ndi mawu oyenera kuwakonda, chifukwa zosowa zambiri za mlendo zimayamba ndi iwo. Mujhe paani chahiye, "ndikufuna madzi". Mujhe pata nahin, "sindikudziwa". Mujhe jaana hai, "ndiyenera kupita". Mujhe bhookh lagi hai, mabuku amawononga tsamba lonse kufotokoza chifukwa chake palibe main pamenepa. Ingoganizani za "njala yandigwira". Njala ndiyo yachita, inu mwangogwidwa. Malungo, kuzizira, ludzu, zonse zimayenda chomwecho.

Chachisanu: mera, meri, mere

Timati mwana wanga, buku langa, chipewa changa. Mawu aumwini amatsata chinthucho, osati mwini wake. Chihindinso chimodzimodzi, kungoti magulu a mayina ndi awiri okha: achimuna ndi achikazi. Mera ghar, "nyumba yanga". Meri kitaab, "buku langa". Mere kapde, "zovala zanga". Uska beta ndi "mwana wake wamwamuna", uski beti "mwana wake wamkazi", kaya kholo lake ndi bambo kapena mayi. Ena ndi hamara, tumhara, aapka ndi unka.

Dzina lililonse latsopano lilembeni ndi mera kapena meri kutsogolo. Musadalire mathero a mawu okha: mayina ambiri othera ndi -i ndi achikazi, koma paani ndi lachimuna. Kumbukiraninso kuti mperekezi akabwera, mera amasanduka mere: mere ghar mein, "m'nyumba mwanga".

Pali kamsampha kena. Chinthu chikakhala cha mwininkhani yemweyo, amagwiritsa apna. Vah apna kaam karta hai, amagwira ntchito ya iye mwini. Mukati uska kaam, ndiye kuti ntchitoyo ndi ya munthu wina.

Chachisanu ndi chimodzi: ne, koma musamuthamangire

Uyu ndiye wovuta zedi, ndipo Chichewa pano sichikuthandizani. Ndikulangizani kuti mumusiye kaye mpaka zapamwambazi zitakhazikika.

Ne amaphatikizidwa kwa mwininkhani pakachitika ziwiri pamodzi: ntchito yatha kuchitika, komanso mneni ndi wotenga pamtherankhani, monga kudya, kumwa, kuwerenga. Timapeza maine, tumne, aapne, hamne, usne, ndi unhone amene sapangika monga mungayembekezere. Ne akangolowa, mneni amasiya kutsata wochita n'kuyamba kutsata chochitidwacho. Maine paani piya, "ndinamwa madzi", chifukwa paani ndi lachimuna. Maine chai pi, "ndinamwa tiyi", chifukwa chai ndi lachikazi. Maine kele khaaye, "ndinadya nthochi", zambiri. Wonena akhale bambo, akhale mayi, ziganizozi sizisintha. Ndipo pamtherankhani akakhala ndi ko, mneni satsata aliyense, amangokhala wachimuna mmodzi: maine us ladki ko dekha, "ndinamuona mtsikana uja".

Aneni monga kupita, kubwera ndi kugona salola ne: main gaya, main gayi. Laana, "kubweretsa", ndi bhoolna, "kuiwala", nawonso amamukana ngakhale amatenga pamtherankhani. Nthawi yatsopano, yam'tsogolo, ngakhale "ndinali kumwa", main pi raha tha, zonsezi ne mulibe. Aneni asanu osatsata lamulo ponena ntchito yatha kuchitika muwaloweze padera: jaana gaya, karna kiya ("kuchita"), lena liya ("kutenga"), dena diya ("kupatsa"), hona hua.

Za kalembedwe

Ndalemba ndi zilembo zathu kuti muyambe msanga, koma Devanagari, zilembo za Chihindi, musaizengereze. Main, "ine", ndi mein, "mkati", zimafanana pamaso. M'Devanagari ndi मैं ndi में. Pamatchulidwe muli ndi mwayi: pal ndi "kamphindi", phal ndi "chipatso", kusiyana komwe kuli pakati pa pala ndi phala.

Madzulo alionse tengani kope mulembe ziganizo zisanu za tsikulo: chimodzi cha main, cha mujhe, cha mera kapena meri, cha mujhse, ndipo mukafika pa ne, cha maine. Kenako sinthani zonse zikhale za vah, muwerenge mokweza. Mukapeza wolankhula Chihindi woti akumvereni, mufunseni kya yah sahi hai, "kodi zili bwino?", ndipo mumupemphe kuti asakuchitireni manyazi pa piya ndi pi.