Nyimbo zikakana kulira pa foni ya Android kapena pa PlayStation

Malangizo awa ndi a mafoni a Android, ndipo ndime yomaliza ikukhudza PlayStation 4 ndi 5. Maina a malo odiniza ali m'Cingelezi monga mmene amaonekera pa foni. Malo amene ali amasiyanako malinga ndi kampani imene inapanga foniyo. Musafafanize ciliconse musanafike kumapeto, cifukwa nthawi zambiri foni imakhala ilibe vuto ngakhale pang'ono.

Coyamba onani voliyumu, ndipo onaninso ngati foni sinalumikizike ku sipika ya Bluetooth imene ili m'cipinda cina. Zimitsani foni, muiyatsenso. Zikakanabe, pitirizani.

Nyimbo iliyonse imasungidwa m'njira yakeyake, ndipo zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo ndi zimene zimaonetsa njirayo: .mp3, .m4a, .flac, .ogg, .wma. Android imaliza MP3, AAC imene kawirikawiri imathera ndi .m4a, FLAC ndi OGG popanda kuonjezera kanthu. WMA ndi ya Microsoft, ndipo mafoni ambiri saiwerenga. Nyimbo zambiri zakale zimene anthu anakopera pa ma CD ndi Windows Media Player zili m'mtundu umenewu. Ena akaona zimenezi amangofafaniza .wma pa dzina n'kulembapo .mp3. Musatero. Kusintha dzina pa envulopu sikusintha kalata ya m'katimo, ndipo pambuyo pake mudzaiwala kuti fayiloyo inali ya mtundu wanji. Ikani VLC, pulogalamu yaulere ya VideoLAN imene imapezeka pa Play Store ndipo imaliza pafupifupi mitundu yonse. Apo ayi, sinthani fayiloyo pa kompyuta ndi pulogalamu yosinthira nyimbo.

Ngati nyimbo ikuyamba bwino n'kudukira pakati, mwina daunilodi sinathe. Onani kukula kwa fayilo. Nyimbo ya MP3 ya mphindi 4 pa 128 kbps (muyeso wa ubwino wa kamvekedwe kake) imakhala pafupifupi 4 MB. Mukapeza kuti ndi 300 KB cabe, citaninso daunilodi.

Nthawi zina nyimbo zimakhalamo m'foni koma pulogalamu yolizira siziona. Pitani ku Settings, Apps, sankhani pulogalamuyo, dinizani Permissions. Kuyambira pa Android 13, cilolezo cofunika ndi Music and audio. Ngati cilolezo cilipo kale, tsegulani foda ya nyimbozo, muuze pulogalamu yoonera mafayilo kuti ionetse zobisika, ndipo mufufuze kafayilo kochedwa .nomedia. Kafayiloka kalibe kanthu m'kati, nchito yake ndi kuuza Android kuti isaonetse nyimbo ndi zithunzi za m'fodayo. Kacotseni, muyatsenso foni. Koma m'mafoda a mapulogalamu monga WhatsApp kasiyeni, cifukwa ndi kamene kamaletsa mauthenga a mau kusakanikirana ndi nyimbo zanu.

Pulogalamu ikamadzitseka yokha, pitaninso ku Settings, Apps, musankhe pulogalamuyo; pansi pa Storage mudzapeza mabatani awiri oyandikana, ndipo apa ndi pamene anthu amalirira. Clear cache imacotsa tinthu timene pulogalamu inasunga mongoyembekezera kuti izifulumira, ndipo idzatipanganso yokha. Clear storage, imene mafoni ena amalemba Clear data, imabwezera pulogalamu mmene inalili tsiku loyamba: mindandanda ya nyimbo imene munasanja, akaunti imene munalowa, ndi nyimbo zimene munasunga m'kati mwa pulogalamuyo zimapita zonse. Yambani ndi Clear cache. Batani linalo muligwire pokhapokha ngati mukukumbukira pasiwedi yanu.

Nyimbo zimene mwasunga m'kati mwa Spotify kapena YouTube Music si mafayilo amene mungakopere kwina. Ndi zokhomedwa, zimalira m'pulogalamu yomweyo basi. Spotify imafunanso kuti mulowe pa intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse, apo ayi nyimbozo zimasiya kulira.

Tsopano memori khadi. Musanaitulutse, dinizani Eject kapena Unmount mu Settings, pansi pa Storage, kapena zimitsani foni. Kuizula foni ikulembamo kumaononga mafayilo. Foni ikanena kuti khadi yaonongeka n'kukupemphani kuti mudinize Format, kanani kaye. Format imafafaniza zonse za pa khadi, zithunzi zomwe. Ikani khadiyo mu kompyuta, mukopere zonse zimene zikuoneka, ndiye mubwerere ku Format. Cenjeraninso ndi makhadi acinyengo, amene amalembedwa 128 GB koma malo ake enieni ndi ocepa kwambiri. Cizindikiro cake n'cakuti nyimbo zoyamba zimalira, koma zimene mwaika pambuyo pake zimangooneka maina osatseguka. Khadi yotero siikonzeka.

Makhadi ofika 32 GB amabwera ali mu FAT32, ndipo aakulu kuposa pamenepo ali mu exFAT; awa ndi maina a njira zimene khadi kapena fulashi imasanjira mafayilo. FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB, koma mawailesi ambiri akale a m'motoka amawerenga iyo yokha. Conco khadi kapena fulashi yatsopano ikakana kulira m'motoka pamene pa foni ikulira, yambani kukayikira zimenezi. Pokopera nyimbo kucoka pa kompyuta, lumikizani foni ndi nthambo, muitsegule n'kusankha File transfer. Kompyuta ikapanda kuiona foni, yesani nthambo ina, pakuti nthambo zina n'zochajira cabe.

Pa PlayStation 4 ndi 5, fulashi iyenera kukhala mu FAT32 kapena exFAT. NTFS siiwerengedwa. Pangani foda pamwamba penipeni pa fulashiyo, osati m'kati mwa foda ina, muiche dzina lakuti Music, ndipo muikemo nyimbo za MP3 kapena AAC. Nyimbo zimene zili kunja kwa fodayo sizidzaoneka, ngakhale zitakhala za mtundu woyenera.