Kupita Kuntchito pa Njinga Yamoto ya Matayala Atatu m'Nyengo ya Chisanu ku Britain

Amene anakulira ku Dedza amati kuzizira amakudziwa, ndipo sakunama, koma kuzizira kwa mu Juni kumathawa dzuwa likangokwera. Kwa ku Britain kumayamba mu Novembala n'kukhalirira mpaka Malichi, kumabwera ndi mvula yowaza yosaleka, ndipo pakati pa Disembala dzuwa ku Manchester limatuluka 8 koloko itadutsa kale n'kulowa 4 koloko isanakwane. Wogwira ntchito ya mashifiti amachoka pakhomo kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, nthawi zina mabasi asanayambe kuyenda. Kwa munthu wotere njinga yamoto ya matayala atatu ndi yothandiza kwambiri, chifukwa imamwa mafuta ochepa poyerekeza ndi galimoto ndipo siigwa chisawawa ngati ya matayala awiri. Komabe pali chinthu chimodzi choyenera kuchimvetsa musanatulutse ndalama: tayala lachitatu limakutetezani kuti musagwe, koma silichotsa kuterera kwa msewu. Njinga imene sikugwa imaterera ndithu, ndipo imaterera mwiniwake ali chikhalire, akudzimva wotetezeka.

Yambani ndi kusankha mtundu, pakuti njinga zimenezi sizifanana kayendetsedwe. Piaggio MP3, yomwe inatuluka mu 2006, ndiponso Yamaha Tricity zili ndi matayala awiri kutsogolo oyandikana, ndipo zimapendekeka pokhota monga njinga wamba. Can-Am Spyder, yopangidwa ndi kampani ya BRP ya ku Quebec kuyambira mu 2007, ili ndi matayala akutsogolo otalikirana, siipendekeka konse, ndipo pokhota mumachita kukankha chiongolero ndi mphamvu thupi lanu likukokeredwa kunja kwa khona. Mtundu wachitatu ndi njinga yokhala ndi kangolo pambali, monga Ural imene inatchuka kuchokera ku Irbit m'dziko la Russia. Anthu ambiri amaisirira Ural chifukwa ina mwa izo imakoka ndi matayala awiri m'chipale chofewa, koma imeneyo kangolo kake kali kumanja, pamene ku Britain njinga zolembetsedwa kuyambira mu Ogasiti 1981 zimayenera kukhala ndi kangolo kumanzere. Kwa munthu woyenda mailosi ochepa m'tauni tsiku ndi tsiku, ine ndimaona kuti yopendekeka ija ndiyo yoyenera, popeza ndi yopapatiza, yosavuta kuimika, ndipo imatchinga miyendo ku mphepo.

Za laisensi musazimvere m'maluwa. Amene ali ndi laisensi yonse ya galimoto ndipo wakwanitsa zaka 21 amaloledwa kuyendetsa njinga yolembetsedwa ngati ya matayala atatu, koma zina zimene matayala ake akutsogolo ndi oyandikana kwambiri, monga Tricity 125, lamulo limazitenga ngati njinga yamoto wamba, ndipo ya kangolo pambali imafunanso laisensi ya njinga yamoto. Inshuwalansi nayo muiwerenge bwino, chifukwa yongoyendera maulendo ocheza siikhudza ulendo wa kuntchito, ndipo ngati ntchito yanu ndi yoyendera odwala kapena okalamba khomo ndi khomo mufunika yokhudza maulendo a ntchito.

Matayala ndiwo ayenera kudya ndalama zanu poyamba, zovala zokongola zibwere pambuyo. Labala ya matayala a nyengo yotentha imayamba kuuma kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, ndipo ikauma siigwira phula bwino ngakhale msewu utakhala wouma. Funani matayala opangidwira mvula ndi kuzizira a saizi imene wopanga njinga analamula, ndipo muwasinthe mapanga ake, timizere tokumbika pa labala ya tayala, asanathe. Lamulo limalola njinga yamoto kuyenda ndi mapanga akuya milimita imodzi, koma milimita imodzi pamsewu wa madzi ndi matope a mchere ndi kudziika pachiswe. Mpweya muziuyeza sabata iliyonse matayala asanatenthe, chifukwa kukazizira umachepa wokha popanda kuboola kulikonse, ndipo pa njinga ya matayala awiri kutsogolo, limodzi likachepa mpweya njinga imakokera mbali imodzi pomanga mabuleki.

Pali nkhani ina ya matayala imene ogulitsa saitchula kawirikawiri. Chipale chofewa chikagwa, magalimoto amasiya tinjira tiwiri toyera momwe matayala awo adutsa, ndipo pakati pa tinjirato pamatsala mulu wa chipale chosungunuka pang'ono chosakanikirana ndi matope. Njinga ya matayala awiri imasankha kanjira kamodzi n'kuyendamo. Njinga yaikulu ngati Spyder ilibe mwayi umenewo, pakuti imaponda malo atatu: matayala akutsogolo akakhala m'tinjira toyera, lakumbuyo, lomwe ndi lokhalo lokankha njinga, limakhala pamulu uja. Makompyuta ake oletsa kuterera akamva tayala likuzungulira pachabe amachepetsa mphamvu ya injini, ndiye mumangoona njinga ikukana kukwera kachitunda kakang'ono magalimoto akuimba hutala kumbuyo. Yopendekeka imalowa m'kanjira kamodzi mosavuta, koma musaiwale kuti ikaterera kwambiri ili chopendekeka imagwa ngati njinga ina iliyonse.

Mdani wamkulu si chipale chofewa, chifukwa chimenecho chimaoneka ndipo aliyense amachepetsa liwiro. Choopsa ndi madzi oundana opyapyala amene amakuta phula osasintha mtundu wake, moti msewu umangooneka ngati wanyowa. Nkhope ya msewu imatha kuzizira kuposa mpweya, n'chifukwa chake magalimoto ambiri amachenjeza woyendetsa kukafika madigiri 3 kapena 4 osadikira 0. Milatho imayamba kuundana malo ena onse asanayambe, popeza mphepo imaiziziritsa pamwamba ndi pansi pomwe. Samalaninso pansi pa mitengo, m'zigwa, pomwe madzi a m'munda amadutsa pamsewu, pa zivundikiro zachitsulo za ngalande ndi pamizere yopakidwa penti. Makutu akuthandizeni: msewu wonyowa umalira pansi pa matayala, ndipo phokosolo likazimirira mwadzidzidzi chonsecho msewu ukunyezimira, dziwani kuti mwaponda madzi oundana.

Ine ndinaphunzira zimenezi m'mawa wina wa mu Januwale pa kamlatho kodutsa pamwamba pa njanji, ndikuyenda pang'onopang'ono ndithu. Galimoto ya kutsogolo inayatsa nyale za mabuleki, ine ndinafinya anga, ABS, chipangizo choletsa matayala kukakamira pomanga mabuleki, inayamba kunjenjemera m'zala, koma njinga inangopitirira ili chilili ngati palibe amene waiuza kuti ime. Ndinaima patatsala mpata wa chikhatho chimodzi. Sindinagwe, ndipo tsiku limenelo kusagwako sikunandithandize kalikonse. Malamulo a pamsewu a ku Britain amanena kuti pamsewu wonyowa mtunda woimira umawirikiza kawiri, ndipo pa madzi oundana ungawirikize kakhumi. Choncho siyani mpata waukulu kwambiri kutsogolo, ngakhale wina ataulowerera, mangani mabuleki njinga ili chowongoka musanafike pokhota, ndipo mafuta muziwonjezera pang'onopang'ono ngati mukuthira mchere m'ndiwo. Mukamva kuti mwayamba kuterera, musafinye chilichonse mwadzidzidzi, bwezani mafuta mofatsa, yang'anani kumene mukufuna kupita, ndipo dikirani kuti matayala agwirenso.

Mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake lofunika kulizolowera pabwalo lopanda magalimoto chisanu chisanafike. MP3 ili ndi batani lokhoma kutsogolo kuti njinga iime yokha pa maloboti, koma tsiku loterera ndi bwino kutsitsa mapazi kaye, chifukwa mukaikhoma ili chopendekeka pang'ono idzanyamukanso chopendekeka. Ya kangolo kumanzere imakokera kumanzere mukawonjezera mafuta, imakankhira kumanja mukawabweza, ndipo pokhotera kumanzere mothamanga tayala la kangolo limanyamuka, n'chifukwa chake oyendetsa okha amaikamo thumba la mchenga.

Tsopano za thupi lanu, zomwe ambiri amaziona ngati nkhani ya kupirira chabe. Kunja kukakhala madigiri 0 inu n'kumathamanga mailosi 30 pa ola, khungu losavala limamva ngati kuli pafupifupi madigiri 8 pansi pa 0. Zala zikachita dzanzi sizidziwanso kusiyana kwa kufinya buleki pang'ono ndi kuifinya kwambiri, ndipo mutu wa munthu wozizidwa umachedwa kuganiza mwiniwake osazindikira. Zogwirira zotenthetsa ndi magetsi zimafunditsa zikhatho zokha, kunja kwa zala kumene mphepo imamenya kumakhalabe kozizira. Chimene chimathetsa vutoli ndi matumba omangirira pa chiongolero omwe mumalowetsamo manja. Ndi onyansa m'maso, sinditsutsa, koma onyamula makalata ndi zakudya amene amakhala pamsewu tsiku lonse ndi omwe amawagwiritsa ntchito. Onetsetsani kuti mphepo ikawakankha sakufinya buleki. Pa njinga zonga sikuta palinso chofunda cha miyendo chomangirira kunjingako, monga Termoscud ya kampani ya Tucano Urbano, ndipo chimakulolani kufika kuntchito thalauza lili louma.

Valani zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi chokhuthala. Chapakhungu chisakhale cha thonje, chifukwa thonje limasunga thukuta n'kukuziziritsani, chapakati chikhale cha ubweya, ndipo chakunja chisalowe madzi ndi mphepo komanso chikhale ndi zotetezera zigongono, mapewa ndi msana. Khosi mulitseke bwino, pakuti kampata kakang'ono pakati pa jekete ndi chipewa kamalowetsa mphepo thupi lonse. Magolovesi mukhale nawo mapeyala awiri, ena aziuma ena ali m'manja. Chipewa cholimba chophimba nkhope yonse muzivala tsiku lililonse kaya njinga ndi ya mtundu wanji, ndipo galasi lake likhale loyera, osati lakuda, lokhala ndi kagalasi kachiwiri ka mkati kotchedwa Pinlock koletsa nthunzi ya mpweya wanu. Valaninso chonyezimira, chifukwa woyendetsa galimoto amene wangopala kabowo kakang'ono pagalasi lake loundana sakukuonani bwino.

Njinga nayo imadwala chisanu, ndipo matenda ake aakulu ndi mchere. Makhonsolo ndi a National Highways, bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu ya ku England, amamwaza mchere wa m'migodi pamisewu, wambiri wake wochokera ku mgodi wa Winsford ku Cheshire, kuti madzi asaundane. Mcherewo umapulumutsa miyoyo koma umadya chitsulo. Mukaisiya njinga sabata ziwiri osaitsuka mudzapeza mabawuti atayera ngati awaza ufa, paipi ya utsi itachita dzimbiri, ndipo mabuleki atayamba kukakamira. Mu Okutobala itsukeni bwinobwino, iume, kenaka muipopere mafuta oteteza dzimbiri monga ACF-50 pazitsulo zonse ndi polumikizira mawaya, koma asakhudze matayala kapena mbale za mabuleki. Kuchokera pamenepo muziitsuka ndi madzi ozizira, kawiri pa sabata ngati mungathe, osati otentha, chifukwa kutentha kumafulumizitsa dzimbiri. Njinga zopendekeka zili ndi mfundo zambiri kutsogolo ndiponso mabuleki a matayala awiri, choncho malo obisalamo mchere ndi ochuluka.

Batire limafooka kukazizira, pa nthawi yomweyo imene injini ikufuna mphamvu zambiri kuti ilire. Ulendo wa mphindi 15 nyale ndi zotenthetsa zili zoyaka subwezera mphamvu imene mwatulutsa poliza. Batire labwino la mavoti 12 likapuma limaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo likatsika pansi pa 12.4 likufuna tchaja. Zotenthetsa zonse zilumikizidwe moti zizizima mukazimitsa kiyi.

Kuyenda chaka chonse sikutanthauza kuyenda tsiku lililonse. A Met Office, nthambi yoona za nyengo ku Britain, amatulutsa machenjezo a mitundu itatu, lachikasu, la mtundu wa lalanje ndi lofiira, ndipo ndi bwino kuwaona usiku musanagone ndiponso m'mawa musanavale. Kumapeto kwa Febuluwale 2018 chenjezo lofiira linaperekedwa m'chigawo chapakati cha Scotland, ndipo anthu anagona m'magalimoto pamsewu wa M80. Nyengo imasiyananso pamtunda waufupi: mungachoke ku Manchester kukugwa mvula n'kukapeza chipale chofewa pamsewu waukulu wa M62, pomwe msewuwo umakwera kufika mamita 372 pamwamba pa nyanja. Makhonsolo amasindikiza misewu imene amamwazamo mchere, ndipo kawirikawiri ndi misewu ikuluikulu ndi yodutsa mabasi. Konzani njira ya m'chisanu yotsata misewu imeneyo ngakhale italike, mukumbukire kuti kanjira kochokera pakhomo panu mwina sikamwazidwa, ndiponso kuti kukazizira kwambiri, cha m'ma digiri 7 pansi pa 0, mchere wamba umayamba kulephera. Chenjezo la madzi oundana likafika pa mtundu wa lalanje, njinga itsale pakhomo, ndipo mukhale mutadziwiratu basi kapena sitima imene mungakwere ndi nthawi yake, osati kuyamba kufufuza 5 koloko m'mawa.

Madzulo mukafika, musathamangire m'nyumba ngakhale zala zikubaya. Thirani chidebe chimodzi cha madzi ozizira pa mabuleki ndi pansi pa njinga, pukutani nyale ndi magalasi oonera kumbuyo, lumikizani tchaja ngati pali magetsi pafupi, ndipo injini ikazizira muifunditse njinga ndi chophimba chotulutsa chinyezi. Mu loko wa tcheni chomangira muzidonthezamo mafuta pang'ono, apo ayi m'mawa mudzamupeza ataundana. Ngati mwaimika pamalo athyathyathya usiku wozizira kwambiri, ndi bwino kutchinga tayala ndi njerwa kusiyana ndi kukoka buleki yoimikira ili yonyowa, chifukwa imatha kugwirana mpaka dzuwa litatuluka. Magolovesi onyowa muwaike pafupi ndi chotenthetsera nyumba, osati pamwamba pake penipeni, kuopa kuti chikopa chingaume n'kung'aluka.