Momwe mungayesere ngati Spitfire ya mu gemu yanu ikuyendera mafuta a 1940 enieni

Pakati pa anthu ouluka ndege za nkhondo pa kompyuta, mkangano wa mafuta a Spitfire, ndege ya nkhondo ya ku Britain ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sutha. Ena amati opanga gemu anaifooketsa, ena amati anaikondera. Mutha kuyeza nokha madzulo amodzi.

Ine ndimagwiritsa ntchito IL-2 Sturmovik: Cliffs of Dover Blitz, chifukwa muli Spitfire Mk I ya mafuta a 87 octane ndi ina ya 100 octane, iliyonse payokha (octane ndi nambala yoonetsa momwe mafuta amapirira kupanikizidwa injini isanayambe kugogoda). Ili pa Steam, ndipo mukadikira nthawi yotsitsa mitengo imatchipa kwambiri. Makope a pa flash omwe anyamata ena amagulitsa musawayandikire. Ambiri ndi akale, kayendedwe ka ndege kake sikanakonzedwe, ndiye mudzangoyeza zinthu zolakwika.

Choyamba lembani manambala papepala. Injini ya Spitfire Mk I, Rolls-Royce Merlin III, pa mafuta a 87 octane inkaloledwa boost (kupanikiza mpweya wolowa mu injini) ya +6.25 basi, ndipo inkatulutsa 1,030 hp pa mafiti 16,250. Mu 1940 asilikali a ndege a ku Britain (RAF) atasamukira ku 100 octane, omwe ambiri ankabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku America ndi zilumba za Caribbean, woyendetsa ankaloledwa kukankha mpaka +12 kwa mphindi 5, injini n'kufika 1,310 hp pa mafiti 9,000. Mafutawo paokha sankawonjezera mphamvu. Ankangolola kuti supercharger ipanikize mpweya wambiri m'masilinda popanda injini kugogoda.

Musananyamuke, yezani throttle ya joystick yanu. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe zinandivutira. Joystick yanga ndinaigula kwa wogulitsa wina wa pa intaneti yemwe ankalumbira kuti ndi yatsopano, koma inafika m'katoni yomatidwa ndi tepi. Ndikakankha throttle mpaka kumapeto, singano ya boost inkaima isanafike pomwe iyenera, ndipo Spitfire ya 100 octane inkathamanga pafupifupi chimodzimodzi ndi inzake. Vuto linali kachipangizo ka mkati kowerenga kayendedwe ka throttle, kanali katatha. Dzanja lafika kumapeto, koma kompyuta ikuona ngati latsala. Tsegulani joy.cpl pa Windows, kankhani throttle pang'onopang'ono muone ngati mzere ukudzaza bokosi lonse osanjenjemera. Ukapanda kudzaza, chitani calibrate. Zikakanabe, pa mayeso awa gwiritsani ntchito batani la pa kiyibodi kuti throttle ifike 100 peresenti. Ndipo pogula ya kaunjika, ilumikizeni pa laputopu wogulitsayo akuona, ndalama zisanachoke m'thumba.

Kenako mu gemumo ikani batani la boost cut-out, lomwe limalola boost kupitirira +6.25. Pa ndege yeniyeni kachitsulo kameneka kankamangidwa ndi waya wopyapyala, ndipo woyendetsa akaudula ankayenera kunena akatera kuti amakaniko aione injini. Popanda batani limeneli +12 simudzaiona.

Tsopano ulukani cham'munsi pamwamba pa English Channel (nyanja ya pakati pa England ndi France), mphepo mutaizimitsa, rpm pa 3,000, radiator pamalo amodzi m'mayeso onse. Chitani trim kuti ndege isamakwere kapena kutsika, dikirani liwiro likhazikike, lembani. Bwerezani ndi ya 100 octane pa +12. Iyenera kuposa inzake ndi mamailosi pafupifupi 25 pa ola. Diso likhale pa geji ya kutentha kwa madzi.

Mukatero kwerani mafiti 18,000 muyesenso zonse ziwiri. Kumeneko liwiro liyenera kufanana, ndipo ambiri odandaula amaphonya pamenepa. Mpweya wa kumwambako ndi wopepuka, supercharger ya Merlin III inali ya giya imodzi, ndiye singathe kufika +12 ngakhale mu thanki muli mafuta abwino chotani. Gemu ikakupatsani +12 kumtunda koteroko ndiye yanama. Poti mukuyerekeza ndege ziwiri pamtunda umodzi, zowerengera liwiro lenileni zisakuvuteni, ya pa geji ikukwanira.

Za carburettor ndi zachidule. Kankhani stick kutsogolo mwadzidzidzi, injini iyenera kutsokomola n'kutaya mphamvu kwa kanthawi, chifukwa mafuta amasokonekera mu carburettor, kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya. Kachitsulo ka injiniya Beatrice Shilling wa ku Farnborough ku England kochepetsa vutoli kanaikidwa mu 1941, choncho Spitfire ya 1940 isakhale nako. Bf 109E, ndege ya ku Germany ya injini ya DB 601, inali ndi fuel injection (kupopera mafuta m'masilinda popanda carburettor), iyo isatsokomole.

Ya Germany-yo muiyese mofananamo, kungoti geji yake ya boost imawerenga mu muyeso wina wotchedwa ata, ndipo DB 601A inkamwa mafuta a B4 a 87 octane. Hurricane Mk I, ndege inanso ya ku Britain, ili ndi Merlin III yomweyo, pepala lanu la manambala ligwiranso ntchito.