Tayala la njinga yamoto likuphwa: mumate kapena mugule lina?

Njinga yonyamula matumba a kachewere kuchokera ku Tsangano kukafika pa M1 imasenzetsa mtolo wonse tayala lakumbuyo. Kuwonjezera apo pali miyala ya msewu wafumbi, misomali yogwa m'mabenchi a pa Lizulu ndi pa Kampepuza, ndi minga ya m'njira za kudimba. Tayala likayamba kuphwa m'mawa uliwonse, wakabaza amayamba wawerenga za m'thumba, pomwe chimene chimagamula nkhaniyi ndi malo amene labooka. Bowo lina mumamata n'kuyenda miyezi, lina ngakhale mmisiri akhale waluso chotani, tayalalo latha basi.

Yambani mwadziwa mtundu wa tayala lanu

Njinga za limu ya masipoko pafupifupi zonse zimayendera chubu. Za limu yopanda masipoko, ija youmba yathunthu, zambiri n'zopanda chubu. Werengani m'mbali mwa tayala, pamalembedwa "Tube Type" kapena "Tubeless". Ngati njinga munagula kwa munthu, onaninso vavu, poti ena amalowetsa chubu m'tayala la tubeless likayamba kuvuta, osanena pogulitsa.

Pezani pamene mpweya ukutulukira

Imikani njinga pa sitandi yapakati, mupope tayala lilimbe. Musanamasule chilichonse, chotsani kachivindikiro ka vavu, mupake malovu pakamwa pake. Akamatukusira, vuto lili pa kapini ka m'kati mwa vavu. Kamangeni ndi kakiyi kake, kakakana gulani kena. Anthu ambiri amalipira ya kumata, enanso kugula chubu, chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati kamtengo ka machesi.

Vavu ikakhala bwino, zungulitsani tayala pang'onopang'ono mukuyang'ana msomali, waya kapena galasi. Pa tubeless, sungunulani sopo m'madzi, muthire pamwamba ponse, m'mbali, patsinde pa vavu ndi pamene tayala lakumana ndi limu. Thovu likamatuluka m'mphepete mwa limu, kawirikawiri tayala lilibe mlandu: limuyo yapindika pogunda dzenje kapena yachita dzimbiri. Pofunika kuiwongola ndi kuipala.

Msomali mukaupeza, lembani pamalopo ndi choko, koma musauzule muli kutali ndi womata. Pa tubeless msomaliwo ndiwo ukutseka bowo.

Kuno kwathu palinso china. M'mwezi wa June ndi July, kuzizira kwa pa Dedza boma ndi ku Bembeke kumatsitsa mpweya pang'ono usiku. Kumeneko si kubooka. Koma tayala lopopa Lolemba n'kupezeka lofewa Lachitatu, limenelo likutaya ndithu.

Ngati ndi la chubu

Chotsani wilo, ndipo sungani mawashala ndi tizitsulo ta pa ekiselo mu ndondomeko imene mwatulutsira. Tulutsani mpweya wonse, masulani kanati ka pa vavu, pondani m'mphepete mwa tayala kuti lilekane ndi limu, kenako litseguleni mbali imodzi ndi zitsulo zotsegulira matayala. Sikuludiraiva ndi yakuthwa, imatsina chubu n'kukupatsani bowo lachiwiri.

Popani chubu pang'ono, muchiviike m'beseni la madzi. Maonekedwe a bowo amakuuzani chimene chachitika. Kabowo kamodzi kumbali yakunja ndi msomali kapena minga. Timabowo tiwiri toyandikana tikutanthauza kuti munayenda ndi mpweya wochepa, limu inatsina chubu pamwala. Bowo la kumbali yoyang'ana limu limabwera ndi mutu wa sipoko, ndiye kuti kalamba ka mphira kophimba masipoko kaduka kapena kasuntha. Kakapanda kukonzedwa kameneko, mudzamata sabata iliyonse.

Pomata, pukutani chubu chiume, mupale ndi sandipepa malo okulirapo kuposa chigamba. Pakani solushoni wochepa, womwazika bwino, kenako dikirani. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, makamaka pamene kasitomala ali chiimire pambali ndi katundu wake. Solushoni ayenera kusiya kunyezimira, mukamukhudza ndi kumbuyo kwa chala asamatuke. Chigamba choikidwa pa solushoni wamadzimadzi chimagwira mukadali pamsika, n'kukamatuka tayala likatentha pamsewu. Akauma, ikani chigamba osagwira mbali yomatira, mutsindire mwamphamvu kuyambira pakati kupita m'mphepete.

Musanabwezere chubu, yendetsani nsanza m'kati monse mwa tayala. Minga yothyokera m'kati imakoka nsanzayo. Popani chubu pang'ono kuti chisapindike, lowetsani vavu iime chilili, kenako tsekani tayala mosamala.

Chubu chitayeni ngati chang'ambika motalika, ngati chabooka patsinde pa vavu, ngati bowo latsopano lagundana ndi chigamba chakale, kapena ngati mphira wake wafewa n'kuchita makwinya. Kwa ine, chubu cha kutsogolo n'chofunika kungosintha, kumata kukhale kongokufikitsani pa golosale ya zipangizo. Mtengo wa chubu ndi wochepa poyerekeza ndi tayala, ndipo chubu chikaphulika mpweya umatha nthawi imodzi. Lakumbuyo likaphwa njinga imagwedeza matako koma mukhoza kuimitsa. Lakutsogolo likaphwa pakona, chiwongolero sichimvanso.

Ngati ndi la tubeless

Lomatika ndi lobooka pakati, pamene pamaponda pansi njinga ikamayenda mowongoka. Bowolo likhale lozungulira, la msomali, losaposa mamilimita 6.

Njira yachangu ndi ya kachingwe konata kotsekera bowo, kamene mumakalowetsa kuchokera kunja tayala lili pa limu. Zulani msomali, lowetsani chitsulo chopalira motsata njira imene msomaliwo unalowera, osaboola njira yatsopano. Pisani kachingwe pa singano yake, kankhani mpaka kutsale nsonga zochepa panja, solani singano osaipotokola, dulani zotsala, mupope ndi kuyesanso ndi madzi a sopo. Opanga matayala amaiwerengera njira imeneyi ngati yongopulumukira panjira. Kumata kodalirika ndi kochotsa tayala pa limu, kuona m'kati, n'kuika chigamba chokhala ndi kamchira kotseka bowo kuchokera m'kati. Kuona m'katimo n'kofunika chifukwa msomali wautali umatha kukanda khoma la tayala uli m'kati, kunja osaoneka kanthu.

Apa ndiye osataya nthawi, gulani lina

Tayala lobooka kapena long'ambika m'mbali, kapena paphewa pamene mano akuthera, silimatika. Mbali ya tayala imapindika ndi kuwongoka pa kuzungulira kulikonse, ndipo njinga yamoto pokhota imagonera paphewa pomwepo. Palibe chigamba chimene chingapirire zimenezo.

Chotupa m'mbali chikutanthauza kuti ulusi wa m'kati waduka. Ulusi kapena waya zikayamba kuonekera, mano akatha mpaka kufanana ndi timizere tokwera ta m'ngalande zake (fufuzani pamene palembedwa TWI m'mbali), kapena ming'alu ikadzaza tayala lonse chifukwa chokhalitsa padzuwa, nkhani yomata yatha. N'chimodzimodzi tayala limene mwayenda nalo mtunda lili lophweratu ndi katundu pamsana. Mukalitsegula mupeza fumbi lakuda la mphira m'kati, umboni woti ladyeka.

Tonse taonapo amisiri akusoka tayala ndi ulusi wolimba, kapena kulowetsa chidutswa cha tayala lakale m'kati kuti chitseke pong'ambika. Pa njinga yakapalasa zimatheka. Pa njinga yamoto yonyamula mayi ndi mwana kumsana, kutsika mapiri a msewu wa Masasa kupita ku Golomoti kumene buleki sapuma, ayi ndithu. Ngati zakugwerani kutchire, chidutswacho chikufikitseni pamsika mukuyenda pang'onopang'ono, wopanda pasenjala.

Werengeraninso ndalama mwachilungamo. Tayala lotha mano limabooka pafupipafupi chifukwa mphira wapyapyala sutchinga ngakhale kaminga. Ya kumata kangapo pamwezi, kuphatikiza makasitomala amene akukwera njinga za anzanu pa siteji inu muli kwa womata, imakwana msanga mtengo wa tayala latsopano.

Pogula

Tengani nambala ya saizi ili pa tayala lakale, monga 2.75-17 kapena 3.00-18. Nambala yomaliza ndi kukula kwa limu, ndipo la 17 silikwana pa limu ya 18. Chubu nacho chikhale cha saizi yomweyo, ndipo tayala latsopano lilowe ndi chubu chatsopano.

Yang'anani manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa. Mwachitsanzo, 1523 ndi sabata ya 15 ya chaka cha 2023. Kaya mukugula pa Ntcheu boma, pa Dedza kapena kutsidya kwa malire ku Mozambique, tayala lokhalitsa m'shopu zaka zambiri limauma ngakhale mano ake akuoneka atsopano. La kaunjika litembenuzeni muone m'kati, muwerenge zigamba. Pomanga, tsatirani muvi wa m'mbali woloza kumene tayala lizizungulira.

Mukamata kapena kusintha, popani mpweya umene opanga njinga analemba pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni kapena m'buku la njingayo, ndipo yezani ndi geji tayala lisanatenthe. Kufinya ndi chala kumanamiza. Ponyamula katundu wolemera, lakumbuyo limafuna mpweya wochulukirapo. Mangani nati ya ekiselo, onani kuti tcheni sichinakungike kwambiri, pondani buleki musanalowe mumsewu. Tsiku loyamba musathamange, ndipo m'mawa mwake yezaninso mpweya. Ukakhala watsika, masulaninso wilo musanatenge pasenjala woyamba.